Ku Livingstone, Kumene Cakudya ca Madzulo Cimayambira ku Nsapato

Munthu wa kumudzi akamakwera basi ya ulendo wautali amabvala zobvala zake zabwino koposa. Uwu ndi mwambo wathu wakale, ndipo wofuna kuuona apite pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka m'mamawa, pamene mabasi a ku Livingstone akukweza anthu. Adzaona madoda a majekete ocokera pansi pa sutukesi, amai a zitenje zatsopano zimene sizinaonepo madzi, ndi tiana tobvekedwa nsapato zimene sitinazolowere. Pakati pao adzaonanso anyamata ndi atsikana a ku Ulaya ndi ku America, obereka zikwama zazikulu kumsana, atabvala makabudula ofwifwa ndi mapatapata ngati anthu opita kudimba. Wosadziwa angayese kuti mdala wa jekete ndiye mwini cuma, ndipo wa kabudula ndiye mmphawi. Koma dzuwa likakalowa ku Livingstone, kawiri-kawiri wa kabudula uja ndiye amakhala pa thebulo la nsalu yoyera.

Kucokera ku Lusaka kukafika ku Livingstone pali makilomita oposa 470, motero wa ku Chipata amayenda makilomita opitirira 1,000 asanamve mkokomo wa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Mseu umaoloka mtsinje wa Kafue, nukwera mapiri a Munali, nutsikira ku minda ya nzimbe ya ku Mazabuka imene imabiriwira ngakhale m'cilimwe. Kupitirira apo ndi dziko la Atonga ndi ng'ombe zao: Monze, Choma, Kalomo, Zimba. Ambiri amadutsa pa Kalomo ali m'tulo, osadziwa kuti kamzinda kameneka kanali likulu la North-Western Rhodesia kufikira mu 1907, monga momwe Fort Jameson, imene lero tikuicha Chipata, inalili likulu la North-Eastern Rhodesia. Maiko awiriwa anawalumikiza mu 1911, ndipo boma lonse la atsamunda linakhala ku Livingstone kufikira mu 1935 pamene linasamukira ku Lusaka. Zaka 24 zimenezo zinasiya zizindikiro zambiri mumzindamo, ndipo cina mwa izo ndico nkhani ya zobvala imene ndifuna kukufotokozerani.

Ine ndinafika m'mwezi wa Meyi, pamene Zambezi amakhala wodzaza. Mathithiwo ndi otambalala mamita 1,700, ndipo madzi amagwera m'phompho lakuya mamita oposa 100. Nthunzi yake imakwera kumwamba ngati utsi wa lupsa, ndi kugwanso ngati mvula yosakata. Pa kaulalo kopapatiza kochedwa Knife-Edge ndinapeza bwana wina wa suti, wooneka kuti wazemba ku msonkhano, atanyowa kufikira m'masokosi. Panali ana a sukulu a yunifomu akukuwa ndi cimwemwe, amai awiri atafunda citenje cimodzi, ndi nkhalamba ya Cizungu yopanda malaya ikuseka ngati mwana. Anyamata amabwereketsa majasi a pulasitiki pafupi ndi cipata, koma madzi amenewo sasamala jasi. Kumeneko palibe amene ayang'ana nsapato za mnzake. Zoyang'anana kumapazi zimayamba madzulo.

Mzinda weni-weni uli pamtunda wa mcenga, makilomita ngati 10 kucokera pa mathithi. Azungu oyamba anamanga pa dooko lochedwa Old Drift, m'mphepete mwa mtsinje, koma malungo anawatha, ndipo ulalo waukulu wa njanji utamalizidwa mu 1905 anasamukira kumtunda. Nyumba zao za malata ndi makonde aakulu zikalipo m'mbali mwa mseu wa Mosi-oa-Tunya, pafupi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inayamba mu 1934. Amene anaonapo zithunzi za masiku amenewo adziwa kuti cobvala cinali kunena udindo wa munthu iye asanatsegule pakamwa. Mzungu wa boma anali kubvala zoyera ndi cisoti colimba ca dzuwa usana, ndipo pa madyerero a usiku anali kubvala jekete lakuda ndi tayi, ngakhale mu Okutobala pamene kutentha kuno kumafika madigiri 35. Kumbuyo kwa mpando wake kunali kuima munthu wakuda wonyamula mbale, kawiri-kawiri wopanda nsapato.

Apa pali cinthu cimene acinyamata a lero sacidziwa bwino, ndico nkhani ya kabudula. Kwa makolo athu kabudula anali cobvala ca mwana wa sukulu ndi ca wanchito wa m'nyumba ya Mzungu. Mwamuna wa imvi, wa ana ndi adzukulu, anali kubvekedwa kabudula wa khaki ndi kuitanidwa kuti "boyi". Mzungu nayenso anali kubvala kabudula usana, koma iye anali kumbvula pamene wafuna, pomwe kwa wanchito anali yunifomu. Ndico cifukwa cake macona obwerera kucokera ku Wankie, ku Salisbury ndi ku Joni anali kuyamba kugula buluku lalitali, jekete ndi cipewa asanagule kanthu kena. Anthu anali kuwaseka kuti akudzionetsera, koma iwo anali kugula ulemu umene anamanidwa kunchito. Ndico cifukwa cakenso kufikira lero mdala wa ku Katete sangapite kwa apongozi kapena ku boma atabvala kabudula, ndipo amadabwa poona munthu wolemera wa ku America akulowa m'hotela maondo ali pamtunda.

Komatu masiku amenewo ngakhale jekete silinali kutsegula khomo. Munthu wakuda, kaya wabvala bwino cotani, sanali kuloledwa kudya m'mahotela ndi m'nyumba za tiyi za Azungu, ndipo m'masitolo ambiri ndi m'mabuchala anali kugulira pa kazenera ka kumbali. Mu 1954 cipani ca African National Congress, cotsogozedwa ndi a Harry Mwaanga Nkumbula, cinauza anthu a ku Lusaka kuti aleke kugula nyama m'mabuchala otere, ndipo a Kenneth Kaunda, amene anali mlembi wamkulu wa cipanico, analeka kudya nyama kaamba ka kazenera komweko. M'buku lao la Zambia Shall Be Free, limene linatuluka mu 1962, a Kaunda anafotokoza m'mene anawaturutsira mwankhanza m'nyumba ina yodyera ku Kitwe, kumene anapita kukagula cakudya ali paulendo ndi a Nkumbula. Mu 1960 boma la atsamunda linakakamizika kupanga lamulo lochedwa Race Relations Ordinance, loletsa tsankho la khungu m'malo odyera ndi m'nyumba za kanema. Kucokera pamenepo mwini hotela sanathenso kunena poyera kuti akuda salowa. Zimene zinamtsalira ndizo mtengo wa cakudya, lamulo la jekete ndi tayi, ndi kacikwangwani ka pakhomo konena kuti mwini malo ali ndi mphamvu yobweza amene wafuna. Tizikwangwani totere tikalipo m'malo ambiri m'dziko lino.

Tayi mwini wake ndi mlendo wocokera kutali. Anayambira pa kansalu kamene asilikari a ku Croatia anali kumanga m'khosi m'zaka za m'ma 1600, ndipo anthu olemera a ku France atakaona anakakonda. Angerezi anatenga tayi ndi jekete nazisandutsa lamulo la pa thebulo, nayenda nalo kulikonse kumene anakalamulira, osafunsa ngati dzikolo ndi lozizira kapena lotentha. Kwao lamuloli silinafe. Hotela ya Ritz ku London, imene inatsegulidwa mu 1906, kufikira lero imafuna kuti mwamuna wodzadya m'cipinda cake cacikulu abvale jekete ndi tayi, ndipo zobvala za masewera sizilowamo. Koma ku London jekete lili ndi nchito yake, pakuti kunja kumazizira. M'cigwa ca Zambezi mu Okutobala jekete ndi cilango.

Atsogoleri a Africa ataona zimenezi, aliyense anayankha m'njira yake ufulu utabwera. A Kaunda anasankha suti ya safari, ndiyo malaya a matumba anai a kolala yotseguka ndi buluku la nsalu imodzi-modzi, yosafuna tayi. Nduna ndi anchito a boma anawatsanzira, ndipo cobvalaco cinamveka kufikira ku Tanzania ndi ku Kenya, kumene anacicha dzina lao lomwe. Sipanafunike lamulo, pakuti ndi mlonda uti akanabweza munthu wobvala monga Mtsogoleri wa dziko? Ku Zaire a Mobutu anacita za mphamvu: m'zaka za m'ma 1970 analetseratu suti ndi tayi, nalamula amuna kubvala cobvala cochedwa abacost. Anzathu a ku Malawi anapita njira ina. Mu 1973 anapanga lamulo loletsa akazi kubvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo a ku Chipata akumbukira m'mene alendo acikazi anali kufuna-funa citenje asanaoloke malire pa Mwami. Lamulo limenelo linafafanizidwa mu 1993. Codabwitsa ndi cakuti mu Novembala 2023 Nyumba ya Malamulo ya ku Kenya inaletsa aphungu ake kulowa atabvala suti ya Kaunda, niwabwezera ku jekete ndi tayi.

Tibwerere ku Zambezi, pakuti dzuwa lapendeka. Pakati pa mzinda ndi mathithi, ndiponso kumtunda kwa mtsinje, kuli mahotela ndi misasa ya alendo imene mitengo yake amaiwerenga m'madola. Yochuka kwambiri ndi Royal Livingstone, imene inatsegulidwa mu 2001 pafupi ndi pamene madzi amayambira kugwa. Mbidzi ndi anyamalikiti zimayenda pa kapinga wake ngati mbuzi pamudzi, ndipo madzulo alendo amakhala pa thandala la matabwa kupenya dzuwa likumira m'madzi, mvuu zikulira patsidya. Kulinso sitima yakale ya malasha, ya mabogi a matabwa, imene imanyamula anthu kupita nao ku ulalo dzuwa likamalowa ndi kuwadyetsa cakudya ca madzulo m'sitima momwemo. Patsidya, ku Zimbabwe, kuli Victoria Falls Hotel imene inayamba mu 1904, ulalo usanathe kumangidwa.

M'nyumba zodyera za malo otere zinthu zimayenda mwa dongosolo limene wa kumudzi angadabwe nalo. Thebulo amalisungitsa usana. Pofika, munthu amaima pakhomo kufikira wolandira alendo amperekeze pa mpando. Pa thebulo pamakhala nsalu yoyera, kandulo, matambula awiri kapena atatu, ndi mafoloko ndi mipeni yondandalikidwa mbali zonse ziwiri za mbale, ndipo cinsinsi cake ndi kuyambira za kunja ndi kumalizira za pafupi ndi mbale. Cakudya sicibwera pamodzi monga nsima ndi ndiwo. Cimabwera pang'ono-pang'ono: kamsuzi, kenaka kansomba kapena kanyama kokongoletsedwa pakati pa mbale yaikulu, potsiriza kotsekemera. Mtengo wa munthu mmodzi ungapose wa thumba la cimanga. Ine monga mwana wa nsima ndinaturuka m'mimba muli malo, koma sindingakane kuti zinali zokoma, ndi kuti anyamata ndi atsikana operekera zakudya, ana a ku Maramba, Libuyu ndi Dambwa, amadziwa nchito yao. Iwo ndiwo anali ochena koposa onse m'cipindamo.

Za jekete ndi tayi kumbali yathu ino zinacepa. Mau amene alowa m'malo mwake ndi a Cingerezi akuti smart casual, ndipo mudzawapeza pa zikwangwani ndi m'timabuku ta mahotela. M'Cinyanja tingati kubvala mwaudongo koma kosadzimanga khosi. Kwa mwamuna ndiye kuti malaya a kolala, buluku lalitali ndi nsapato zotseka zala. Kwa mkazi ndi delesi, siketi ndi bulauzi, kapena buluku labwino. Zimene sizifunika ndizo zobvala zosambira, vesiti, sikipa ya mpira, mapatapata, ndipo m'malo ena kabudula dzuwa likalowa. Jinzi ili pakati-kati: ena amailola ikakhala yoyera bwino ndi yosang'ambika, ena safuna kuiona. Cobvala cimeneci cinayamba mu 1873 ku America, pamene Levi Strauss ndi Jacob Davis anapanga buluku lolimba la anthu a nchito zamanja, ndipo lero ana athu amagula yong'ambika kale m'maondo pa mtengo woposa wa yosang'ambika.

Kufewa kwa lamuloli sikunabwere kaamba ka cifundo. Mahotela amenewa amadya ndalama za alendo a kunja, ndipo mlendo wa masiku ano sayenda ndi mabokosi a zobvala monga a kale a pa sitima. Ambiri amafika pa tindege ting'ono-ting'ono tocokera ku Mfuwe kapena ku misasa ina ya m'nkhalango, timene sitilola katundu wolemera. Usana wonse amapalasa mabwato a mphira m'mafunde a kunsi kwa mathithi, ena amadziponya pa ulalo atamangidwa cingwe kumiyendo, ndipo madzulo safuna kuuzidwa za tayi. Ndiponso kwao komweko anthu olemera ambiri analeka kubvala masuti. Hotela imene ingaumirire jekete idzaona alendo ake akupita kukadya kwa mnzake. Motero lamulo linafewera amene ali ndi ndalama, koma kufewa kumeneko kunabala bvuto lina. Lamulo la tayi linali louma, koma aliyense anali kulimva: uli naye kapena ulibe. Smart casual alibe malire ooneka, ndipo amene amaweruza ndi maso a munthu woima pakhomo.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga tsiku laciwiri, pa nyumba ina yodyera imene sindiichula dzina, yosakhala mwa zija ndachula pamwambapa. Patsogolo panga panali mtsikana wooneka kuti ndi wa nchito ya mu ofesi, ali ndi makolo ake. Amai anabvala delesi la citenje ndi duku yofanana nalo. Atate anabvala jekete labuluu lositidwa bwino, malaya oyera omangidwa mabatani kufikira m'khosi, koma kumapazi kunali mapatapata. Mnyamata wa pakhomo anawayang'ana kuyambira kumutu, ndipo maso ake atafika pansi anaima.

"Pepani atate," anatero ndi mau apansi, "ndi mapatapata sitilola."

Mtsikanayo anafotokoza kuti atate ake anayenda masiku awiri pa basi, mapazi anatupa, ndipo nsapato zinakana kulowa. Mnyamatayo anapepesanso, koma sanasunthe. Apo mtsikanayo analoza m'kati, kumene pa thebulo la pafupi ndi zenera panali mlendo wa kunja wa kabudula ndi nsapato za zingwe, zala zonse zili poyera. "Nanga aja, acimwene?" Mnyamatayo anayang'ana pansi. Mdalayo anagwira dzanja la mwana wake nati, "Leka mwanawe, tiyeni tikadye kwina, tisabvutitse mwana wa eni pa nchito yake." Koma mtsikanayo anapempha kuonana ndi wamkulu wa pamalopo, ndipo kunabwera mai wina wa Cizambia amene sanacedwe kumvetsa. Anapepesa, nawaperekeza yekha pa thebulo labwino. Nkhani inathera pamenepo, koma ine ndinali pafupi ndipo ndinaona kuti mdalayo anadya cakudya conse mapazi atawapinda kunsi kwa mpando, kumene nsalu ya thebulo inali kuwabisa.

Poturuka ndinaceza pang'ono ndi mnyamata wa pakhomo uja. Sanali munthu woipa mtima. Anati iye anauzidwa kuti alendo ogona pamalopo asamawabweze, pakuti analipira kale ndalama zambiri, ndipo akakhumudwa amalemba madandaulo pa intaneti amene dziko lonse limawerenga. Za ocokera kunja kwa mpanda anangouzidwa kuti aziona yekha. Akalola munthu amene bwana sanakondwere naye, mlandu ndi wake, ndipo akabweza munthu amene ali ndi dzina, mlandu ndi wakenso. Nchito ya m'hotela ku Livingstone ndi yosowa, ndipo kumbuyo kwake kuli abale amene amadya malipiro akewo. Pakhomopo panalibe cikwangwani ciliconse conena za zobvala.

Sindili mmodzi wa aja amene amati malamulo a zobvala onse ndi za atsamunda, zoyenera kutayidwa. Ife eni ake tili nao ambiri, ndipo ndi okhwima kuposa a m'hotela. Mkazi sapita pamaliro wopanda citenje m'ciuno ndi duku kumutu. Mwamuna safika pamaso pa mfumu cipewa cili kumutu. Amai a Cigwirizano ali ndi yunifomu yao, ndipo wosaibvala amadziwa yekha pokhala. Pa Nc'wala ku Mtenguleni impi za Nkhosi ya Makhosi Mpezeni zimabvala zikopa ndi nthenga, ndipo Alozi, amene ali ambiri ku Livingstone kuno, ali ndi musisi wa akazi ndi siziba ya amuna zimene amabvala pa masiku aakulu. Kubvala bwino pamalo ndi kulemekeza eni malo ndi anzako amene wakhala nao. Mwini nyumba yodyera nayenso ali ndi zifukwa zake. Anthu amene asunga ndalama miyezi yambiri kuti akondwerere ukwati wao kapena mwana amene watsiriza maphunziro safuna kukhala pafupi ndi munthu wa vesiti ya thukuta, kapena wocokera kosambira amene akunyowetsa mpando.

Kusiyana kwake ndi kwakuti lamulo la pamaliro aliyense amalidziwa kuyambira ali mwana, ndipo limagwira onse. Mkazi wa nduna akafika pa siwa amamanga citenje monga mkazi wa mlimi, ndipo mlendo wosadziwa amai a pamudzi amam'bwereka cao, osam'bweza pa njira. Nyumba zodyera zina za maiko a kunja zimacita cimodzi-modzi, zimasunga majekete obwereketsa kwa amene wafika wopanda. Cimene sindingabvomereze ndi lamulo losalembedwa, limene limagona pamene walowa wa madola ndi kudzuka pamene wafika mwini dziko. Ngati mapatapata saloledwa, cilembedwe pakhomo ndi pa kapepala kosungitsira thebulo, ndipo cigwire wa ku Berlin monga cigwira wa ku Chadiza. Ngati mwini malo aopa kubweza wa ku Berlin, aleke kubweza aliyense. Si bwino kusenzetsa mnyamata wa pakhomo katundu amene bwana wake akuopa kumsenza, pakuti mnyamatayo posowa cogwira adzayamba kuweruza ndi nkhope, ndi kalankhulidwe, ndi khungu, zinthu zomwe zija anthu anamenyera nkhondo mu 1954 ndi mu 1960.

Ambiri a inu awerengi muli ndi ana m'tauni, ndipo tsiku lina adzakutengani kumalo otere, kaya ndi ku Livingstone, ku Lusaka kapena ku Chipata komweko. Musacite mantha. Muuzeni mwanayo afunse za kabvalidwe pamene akusungitsa thebulo. Malaya a kolala ositidwa ndi nsimbi ya makala, buluku lalitali ndi nsapato zopakidwa polishi zikwanira, ndipo tayi musabvutike naye. Delesi la citenje losokedwa bwino limalowa paliponse m'dziko lino, kufikira ku State House. Ngati pali cifukwa ca matenda cimene cikuletsani kubvala nsapato, nenani poyera, ndipo wa pakhomo akakana itanitsani wamkulu wake mwaulemu monga anacitira mtsikana uja.

M'mawa mwake ndinapita ku msika wa Maramba, kumene mzinda weni-weni umagula ndi kudya. Kumeneko kuli kapenta, nsomba zouma za m'Zambezi, mbale za malata, ndi amai ophika nsima amene safunsa za nsapato, koma amakupatsa madzi osamba m'manja. Ku mbali ya salaula, mau a Cibemba otanthauza kusankha m'mulu, majekete ocokera ku Ulaya ali lende-lende pa mitengo, ena a nsalu yabwino kwambiri, otayidwa ndi eni ake amene analeka kuwabvala. Mnyamata wina anali kuyesa limodzi, akudziyang'ana pa kagalasi kong'aluka, pakuti Loweruka anali ndi ukwati wa mkulu wake. Pafupi pomwepo telala anali kupalasa makina ake mofulumira, akusoka malaya aamuna a citenje ca maluwa ofiira. Ndinamfunsa ngati ndi a ukwati womwewo. Anapukusa mutu osaleka kupalasa, nati ndi a Mzungu wina wa ku hotela ya kumtsinje amene anauzidwa kuti madzulo afunika malaya a kolala, ndipo adzabwera kudzawatenga nthawi ya 17 koloko.